Funsani Amalume: Mng'alu wa pachipupa changa, ndi chivomezi kapena ndi bilda?

Mwaswera bwanji owerenga nonse, a mu Chipata momwe muno, a ku Katete, Chadiza, Lundazi, Petauke mpaka kuchigwa ku Mambwe uko. Mwezi uno mafunso ambiri abwera a nkhani imodzi, ming'alu. Ena mwatuma zithunzi pa WhatsApp, ena mavoisi ataliatali oti ine mdala ndizimvera usiku anthu atagona, ndiye ndasankhako ochepa. Amene simundidziwa, ine ndinakulira pa sayiti, ndinayamba ndi kukankha wilibala ya daka mpaka kudzakhala folomani, zipupa zong'ambika ndaziona zambiri ndipo zina ndinazimanga ndekha ndili mnyamata, sindibisa.

FUNSO: Amalume, ine ndine mayi wa ana anayi ndimagulitsa tomato ndi repu pamsika. Nyumba yanga ya marumu atatu ndinamanga ndi ndalama za chilimba zaka zitatu zapitazo. Usiku wina tinamva bedi ikugwedezeka, mapoto pa shelufu kulira ngwe ngwe, agalu kuuwa komboni yonse, sizinatenge olo miniti. Mmawa mwake ndikusesa ndinaona mng'alu kuchoka pakona ya windo la kuchipinda kutsika mpaka pansi ukuyenda ngati masitepe. Ndinaitana bilda amene anamanga ati amai ichi ndi chivomezi, ndi za Mulungu izi ine sizindikhudza. Manje ine tulo sindikupeza, kodi nyumbayi izatigwera? (Mayi wa ku Kapata)

YANKHO: Amai, pepani ndi mantha, nyumba ya chilimba imawawa kuposa ya loni chifukwa njerwa iliyonse mumaidziwa beseni ya tomato imene inachokera. Koma musanayambe kugona panja tengani tochi ya pafoni mukayang'anitsitse mkati mwa mng'aluwo. Watsopano umakhala woyera mkati, milomo yake yakuthwa, njerwa ikuoneka yofiira bwino ngati yangothyoledwa kumene, ndipo pansi pake mumapeza tifumbi ndi tizidutswa ta pulasitala. Wakale mkati mumakhala mwakuda, muli ukonde wa kangaude, pena kanjira ka nyerere, pena mpaka penti inalowamo tsiku lomwe ankapenta. Ndanena izi chifukwa anthu ambiri mng'alu amauona tsiku limene achita mantha, pomwe iwo unalipo kalekale kuseri kwa katani kapena wadiropu, chivomezi changowatsegula maso.

Kenako onani kayendedwe kake. Mwati ukutsika ngati masitepe, ndiye kuti ukutsata mizere ya daka pakati pa njerwa. Umenewo kawirikawiri ndi wa fawundeshoni, mbali imodzi ya nyumba yatitimira pang'ono kusiya inzake, ndiye poti njerwa si labala chipupa chimangong'ambika pofooka, ndipo pofooka pa chipupa chilichonse ndi pakona ya windo ndi ya chitseko. Chivomezi chimakankha nyumba cham'mbali, uku ndi uku, ndiye chikakhala champhamvu chimakonda kusiya ming'alu iwiri yopingasana ngati X pakati pa mawindo, kapena kulekanitsa zipupa ziwiri pakona penipeni pomwe zimakumana, kapena kugwetsa gebulo, katatu ka njerwa kapamwamba pa chipupa kaja. Ndiponso sichisankha nyumba imodzi. Yendani mufunse aneba, ngati mulayini yonse ndinu nokha amene chipupa chinang'ambika usiku umenewo, bilda wanu ali ndi mlandu woyankha.

Sindikuti kugwedezako sikunachite kanthu ayi. Kachivomezi kakang'ono kamatha kumalizitsa chimene chinayamba kale, ngati mbuzi yotsamira mpanda umene chiswe chinadya mitengo yake chaka chatha. Nkhani ili poti chinafooketsa chipupacho nchiyani. Kuno ku Chipata zimene ndakumana nazo kwambiri ndi madzi a padenga ogwera m'mphepete mwa chipupa chaka ndi chaka popanda kakhonde ka simenti kowathamangitsa, paipi yodontha pansi, sokawe (dzenje lomweza madzi akuda) kapena chimbudzi chokumbidwa pafupi kwambiri, mtengo wa mango kapena bulugamu umene ukuyamwa madzi pansi pa fawundeshoni nthawi ya chilimwe, komanso ichi chimene anthu sakonda kumva, poloti imene kale inali dzenje loumbira njerwa anthu nkukwiriramo zinyalala. Ine ndinakumbapo fawundeshoni ina tikutulutsa mapepala a shuga ndi mapatapata pa mita yathunthu pansi, mwini wake anagula malowo atasalazidwa bwino bwino akuoneka ngati bwalo la mpira, ataona zimenezo anangokhala pa mulu wa mchenga osayankhula.

Manje chochita. Ngati ndi kamzere ngati tsitsi koti mtengo wa machesi sulowa, kagoneni, imeneyo ndi pulasitala chabe. Ngati pensulo ikulowa ndiye wapitirira mamilimita 5, pakufunika munthu wodziwa adzaone. Ngati chala chikulowa, kapena mukuona kuwala kwa panja muli mkati, chitseko chayamba kukana kutsekeka, chipupa chatupa kapena chapendama, chotsani ana m'chipindamo lero lomwe akagone ku sitingi. Ndiyeno lembani ndi pensulo pomwe mng'alu wathera, kumwamba ndi kumunsi, muikepo deti. Pakati pake matani kachigamba ka simenti kopyapyala ngati bisiketi kodutsa mng'aluwo, ena amamata kagalasi. Mukadzaona kachigambako kathyoka kapena mng'alu wadutsa mzere wa pensulo, nyumba ikuyendabe, ndipo kupaka pulasitala pamwamba ndi kutaya simenti chabe, muyambe mwapeza chimene chikuiyendetsa. Ukakhala chete mpaka mvula ibwere ndi kupita, pamenepo munthu angathe kugoba mizere ya daka, kulowetsamo tizidutswa ta bulikifosi, waya uja timayala m'daka pakati pa njerwa, todutsa mng'alu nkumata bwino. Ku khansolo kuli mainjiniya ndi oyendera zomanga, pitani ndi zithunzi zanu mukawaonetse.

Za bilda wanu wa za Mulunguyo, mufunseni kuti fawundeshoni anakumba kuya bwanji, ndipo thumba limodzi la simenti ankathira mawilibala angati a mchenga. Mukaona wayamba kuyankha foni imene sinalire mundilemberenso.

FUNSO: Amalume ndine mphunzitsi wa giredi 7. Mwana wina anandifunsa ati aticha zivomezi zimachitika ku Japan ndi ku Turkey, nanga kuno kwathu zichokera kuti poti kulibe mapiri a moto? Ndinamuyankha za mubuku koma ndinaona kuti sanakhutire, ngakhale ine ndemwe sindinakhutire. (Mphunzitsi wa ku Chadiza)

YANKHO: Aphunzitsi, mwana ameneyo musungeni bwino. Muuzeni kuti ife a kum'mawa tinakhala pakati pa ming'alu iwiri ikuluikulu, kungoti ndi yaikulu kwambiri mpaka sitiiona ngati ming'alu. Mbali ya ku Malawi, nyanja yonse ija yagona m'chigwa chimene chinapangika chifukwa nthaka ya Africa ikukokeka pang'onopang'ono, chigwa chomwecho chimene chachokera ku Ethiopia kudutsa Kenya ndi Tanzania, nthambi ina nkudzera ku nyanja ya Tanganyika ndi ya Rukwa, mumabuku mwanumo amachitcha East African Rift. Mbali inayi chigwa cha Luangwa nachonso ndi mng'alu wakale wa mtundu womwewo, nchifukwa chake ukachoka mu Chipata kupita ku Mfuwe umangotsika, kutentha nkumawonjezeka, ndipo tsidya linalo mapiri a Muchinga aima ngati chipupa. Miyala ya pansi kwambiri ikamakokedwa chonchi siyenda mosalala, imakanirirana zaka zambirimbiri kenako tsiku lina nkupulumuka kamodzi, kupulumukako ndiye chivomezi. Phiri la moto silofunika. Akafuna umboni wogwira ndi manja, aliyense amene anakwerapo basi ya ku Lusaka amadziwa pa Chinyunyu pomwe madzi otentha amatuluka pansi m'mbali mwa Great East Road, madzi amenewo amalowa m'ming'alu ya miyala kukatenthedwa kuya uko nkubwereranso pamwamba akufuka nthunzi.

Ndipo asaganize kuti ndi nkhani za makolo. Pa 10 Malichi 1989 ku Salima, ulendo wa theka la tsiku kuchoka pa Mwami, kunachitika chopitirira 6 pasikelo yoyezera kukula kwa zivomezi, anthu 9 anamwalira ndipo pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Mu Disembala 2009 ku Karonga sichinabwere chimodzi, zinabwera motsatana kuyambira pa 6 mpaka chachikulu cha pafupifupi 6.0 pa 19 mwezi womwewo, anthu anayi anafa, nyumba masauzande zinagwa kapena kung'ambika, nthaka yeniyeni inang'ambika m'minda ndi m'midzi. Kuno ku Zambia mu Febuluwale 2017 cha ku Kaputa pafupi ndi nyanja ya Mweru kunagwedezeka ndi cha 5.9. Ku Mozambique mu Febuluwale 2006 kunachitika cha 7.0 ku Machaze, chinamveka maiko angapo oyandikana. Chachikulu kwambiri chimene chimakumbukika dera lathu lino ndi cha pa 13 Disembala 1910 cha ku Rukwa kumwera kwa Tanzania, kufupi ndi malire athu a ku Mbala, chinapitirira 7. Ndipo pali china chimene ana amachikonda ndikachinena, nyanja ya Kariba itadzaza koyamba kulemera kwa madzi ake kunadzutsa zivomezi zambiri, chachikulu mu 1963 cha m'ma 6 momwemo, ndiye kuti munthu naye amatha kuputa nthaka.

Manambala amenewa asawapusitse, 6 ndi 5 sizili ngati K6 ndi K5. Nambala imodzi ikakwera mphamvu yake imachuluka pafupifupi ka 32, ndiye cha 7 poyerekeza ndi cha 5 ndi pafupifupi ka 1,000. Kusiyana kwathu ndi Japan nkwakuti kumeneko nthaka imayenda masentimita angapo pachaka pomwe kuno ndi mamilimita ochepa, ndiye zathu zazikulu zimabwera patalipatali, munthu amabadwa, kukwatira, kumanga nyumba osamvapo chachikulu, basi nkumamanga ngati kulibe.

FUNSO: Amalume ine ndimayendetsa kanta kunyamula chimanga ndi nshawa. Pamsewu wina wa tara umene ndimadutsa pafupipafupi pali mng'alu wautali m'mbali kutsata msewu, makamaka podutsa padambo, ndipo kutsogolo pang'ono tara yasweka timabokosi timabokosi. Anzanga pa renki akuti ndi zivomezi zija. Zoona? (Dalaivala wa ku Lundazi)

YANKHO: Adalaivala, anzanuwo akuteteza ovalodi yawo. Timabokosi tija tooneka ngati khungu la ng'ona ndi kutopa kwa tara, magonyeti ndi makanta olemera kudutsa pamodzimodzi pomwe pansi pake madzi analowa nkufewetsa, ndiye chotsatira chake ndi pothole. Wautali wotsata m'mbaliwo poti mwati uli padambo, ndi dothi la makande, mvula ikagwa limatupa, chilimwe limauma nkunyala, ndiye m'mbali mwa msewu mumauma msanga kuposa pakati pomwe tara yaphimba, basi tara imang'ambika kutsata mzere umenewo.

Wa chivomezi sulemekeza msewu. Umaudula mopingasa kapena mopendama nkupitirira kulowa m'munda, kudutsa ngalande, mpanda, bwalo la munthu, osasintha njira, ndipo kawirikawiri mbali imodzi imatsika kusiya inzake mpaka pamakhala kasitepe, pena mzere woyera wa pakati umaduka nkusemphana. Umaonekanso tsiku limodzi, dzulo kunalibe lero ulipo. Mukadzaona wotero, kapena mng'alu pomwe msewu ukulumikizana ndi mlatho kapena kalavati, musadutse ndi katundu kuti muone ngati zipirire, imani muike nthambi zochenjeza anzanu ndipo mudziwitse apolisi kapena a RDA, bungwe loona za misewu.

FUNSO: Amalume kumunda kwanga kwatseguka mng'alu woti mwendo wa mwana ungalowe, wautali ngati mizere khumi ya thonje. Agogo ena akuti padutsa Napolo, mwana wanga wandionetsa vidiyo pafoni ya msewu wa ku Kenya wong'ambika pakati ati Africa ikugawika pawiri ndipo Zambia izakhala ndi nyanja ya mchere. Ine ndiope chiti? (Mlimi wa ku Mambwe)

YANKHO: Atate, nyanja ya mchereyo ikafika mundiitane tikagule bwato. Vidiyo imeneyo ndaiona kambirimbiri, ndi ya mu 2018 pa Mai Mahiu ku Kenya, ndipo imabweranso pa Facebook chaka chilichonse ngati yachitika dzulo. Malowo alidi m'chigwa chong'ambika chija, koma chimng'alu chimenecho chinatseguka itagwa mvula yambiri, akatswiri ambiri a miyala anati madzi ndi amene anakokolola dothi lofewa la phulusa la mapiri a moto limene linakwirira mng'alu wakale, pamwamba nkugwera mkati. Kung'ambika kwenikweni kwa nthaka kumene anthu anaona ndi maso kunachitika mu 2005 ku Afar ku Ethiopia, mng'alu wa makilomita pafupifupi 60 unatseguka m'masabata ochepa, malo ena mpaka mamita 8, koma uko ndi kuchipululu cha mapiri a moto, si ku Mambwe. Kuti Africa ikukokeka ndi zoona, koma pa mamilimita ochepa pachaka nkhani ya nyanja ndi ya zaka mamiliyoni, thonje lanu limani.

Za Napolo sindikangana ndi agogo, koma onani kumene dzina limeneli limatchulidwa kwambiri, ku Zomba mu 1946, ku Phalombe mu 1991, konseko inali mvula yoopsa pamapiri, dothi ndi miyala nkutsetsereka ndi madzi. Ndiye ngakhale m'nkhani ya Napolo madzi ndi amene amakhala patsogolo.

Wanuwo simunandiuze mwezi umene watseguka. Ngati ndi Seputembala kapena Okutobala ndipo dothi ndi lakuda lomata lija la kuchigwa, loti nthawi ya mvula limakuvula nsapato, ndi makande chabe akuuma, muyang'ane bwino muona ming'alu ina ing'onoing'ono yolumikizana ngati chigoba cha fulu, ndipo mvula yoyamba idzautseka wokha. Ngati watseguka mvula ili mkati ndipo munda uli m'mphepete mwa mtsinje kapena pamtsetse, mng'alu nkukhala wokhota ngati uta, mbali ya kumunsi yatsikako, mitengo yayamba kupendama, umenewo ndiye muope, gombe kapena mtsetse ukufuna kugumuka, musamange kanthu kumunsi kwake, ng'ombe ndi ana asamapiteko, ndipo auzeni amfumu ndi a ofesi ya DC kuti a DMMU, oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, adziwe. Wa chivomezi ukanabwera ndi kugwedeza kwamphamvu koti mudzi wonse ukanatuluka panja, simukanaupeza mwangozi popita kukasosa.

FUNSO: Amalume ndili ndi zaka 27 ndagula kapoloti chakumtunda kuphiri, zipupa zafika pa windo levo koma ndalama yayamba kuvuta. Bilda akuti tikhoza kudumpha ring'i bimu tingoika malintala pa mawindo ndi zitseko tipite ku denga, ati nyumba zambiri zilibe ndipo zilipobe. Ndipulumutsa ndalama ya malata angapo. Mukuti bwa? (Mnyamata wa ku Chipata)

YANKHO: Mphwanga, ayi. Dumpha matailosi, dumpha siling'i, penti idikire, olo mawindo ena utseke ndi njerwa kaye, koma ring'i bimu usadumphe. Ndi lamba amene amamanga zipupa zonse kuti zikhale chinthu chimodzi. Popanda iyo chipupa chilichonse chimaima pachokha, ndiye nthaka ikagwedezeka china chimapita uku china uko, pakona nkutseguka, denga nkutsala lilibe potsamira. Zoti nyumba zambiri zilibe ndipo zilipobe ndi zoona, ku Karonga nazonso zinalipobe mpaka Disembala 2009, ndipo zimene zinavutika kwambiri kumeneko zinali za njerwa zomangidwa ndi dothi, zopanda lamba, zopanda chitsulo. Ku Morocco pa 8 Seputembala 2023 cha 6.8 chinapha anthu pafupifupi 3,000, ambiri m'midzi ya kumapiri ya nyumba zolemera za dothi ndi miyala. Chodabwitsa nchakuti nyumba ya agogo ya mitengo yophoma ndi dothi, denga la udzu, imatha kugwedezeka nkubwerera chifukwa ndi yopepuka ndipo mitengo inamangidwa pamodzi ndi luzi. Ife tinasiya imeneyo nkupita ku njerwa zolemera, ndiye tiyenera kuipatsa njerwa luzi lake, luzi lakelo ndi chitsulo ndi konkire.

Ndipo iwe uli paphiri, mavuto ako ndi awiri. Mapoloti a m'mapiri a Chipata anthu amadula kumtunda nkuthira dothilo kumunsi kuti pasalale, ndiye theka la nyumba limakhala pa nthaka yolimba theka pa dothi lothira, mbali yothirayo ikatitimira nyumba imathyoka pakati ngati buledi, chivomezi chisanabwere nkomwe. Ndikhulupirira fawundeshoni ya kumunsi munakumba mpaka kufika pa nthaka yeniyeni yosathira, ngati simunatero uima kaye uitane injiniya aone usanawonjeze kulemera. Kumtunda kwa nyumba kumba ngalande yopatutsa madzi a kuphiri, ndipo chipupa chotchinga dothi chikhale ndi timabowo totulutsa madzi, chopanda timabowo chimasunga madzi kumbuyo mpaka tsiku lina chimagona pansi.

Pa ring'i bimupo ukhalepo wekha tsiku lothira, usatume mlamu. Zitsulo zizungulire nyumba yonse ndi zipupa zamkati zomwe, pakona zipindidwe kulowa mbali inayo osati kungodula nkugundanitsa, polumikiza zipitirirane mokwanira, ndipo zisagone pa thabwa, pakhale timiyala tozikweza kuti konkire izikute mbali zonse. Akathira azijoba ndi kachitsulo kuti musatsale mabowo ngati chisa cha njuchi. Ukatero uzithirira madzi masiku osachepera 7, konkire imafika pa mphamvu yake pa masiku 28, ndipo ndi dzuwa la Okutobala la kuno ukaisiya youma imapsa nkumafumbutuka ndi chala. Pa zipupa zotsalazo bulikifosi ilowe pa mizere itatu kapena inayi iliyonse, daka ikhale thumba limodzi pa mawilibala atatu a mchenga, osati asanu ndi limodzi aja amene anyamata amachita bwana akapita kutauni. Denga limangidwe ku ring'i bimu ndi waya kapena hupu ayoni, kalamba kachitsulo kopyapyala, yolowa mu konkire, osati kutsindira malata ndi miyala. Gebulo nayo, katatu ka njerwa kapamwamba kaja, ndi kamene kamayamba kugwa chifukwa kamaima kokha popanda chogwira, ndipo kamagwera pabedi. Kamangirire ku denga, kapena usankhe denga lotsetsereka mbali zonse zinayi lopanda gebulo.

Kunena zoona ine ndinadumphapo ring'i bimu pa nyumba ya munthu wina ndili wamng'ono, mwini wake anandikakamiza ndipo ine ndinkafuna ndalama ya Khisimisi. Ndimadutsapo mpaka lero panjinga, pakona ya kumadzulo anamatapo katatu konse ndipo mng'alu umabwererabe, ndikafika pamenepo ndimayang'ana kumbali.

FUNSO: Amalume mu gulupu yathu ya mpingo mwabwera voisi yoti Lachisanu usiku kuzachitika chivomezi chachikulu tonse tigone panja. Tigone? Nanga chikabweradi tichite bwanji? (Mtsikana wa ku Katete)

YANKHO: Mwanawe gona m'nyumba, panja kuli udzudzu ndipo malungo ndiye otsimikizika. Palibe munthu, makina kapena boma lililonse padziko limene lingatchule tsiku ndi ola la chivomezi, a ku Japan ndi ndalama zawo zonse chimene amakwanitsa ndi chenjezo la masekondi ochepa chitayamba kale. A Geological Survey Department, nthambi ya boma yoona za miyala ndi nthaka, amayeza zimene zachitika ndi kudziwa madera amene zimakonda, osati kulosera Lachisanu. Za agalu ndi nkhuku zimene anthu amanena, nyama zimatha kumva kanjenjemera koyamba kamene kamafika masekondi ochepa kugwedeza kwenikweni kusanafike, si zoti zimadziwa dzulo lake.

Chikakupeza mkati gwada pansi, lowa kunsi kwa tebulo lolimba ugwire mwendo wake, ngati palibe khala m'mbali mwa chipupa chamkati uphimbe mutu ndi khosi, kutali ndi windo, kabati ndi gebulo. Ngati uli pabedi dziphimbe mutu ndi pilo. Ambiri amavulala pothamangira pakhomo chifukwa njerwa ndi zidutswa za khonde zimagwera pomwepo, ndipo mu tchalitchi kapena mukalasi kupondana pachitseko kumavulaza kuposa chivomezicho. Chikaleka tulukani bwinobwino, zimitsani mbaula ndi kandulo, mukaime poyera kutali ndi mpanda wa njerwa ndi mawaya a ZESCO. Musathamangire kubwerera m'nyumba imene yang'ambika chifukwa zimabweranso zina pambuyo, ku Karonga chachikulu chinabwera patatha pafupifupi masabata awiri chiyambireni choyamba, nkumalizitsa zipupa zimene zinali zitafooka kale. Voisiyo usaitumize kwina, ndipo amene anaiponya mu gulupu umufunse Loweruka mmawa kuti wagona bwanji.